Tsiku Limene Yuniya Sanathawe

Yuniya ankakhala ku Meluluca, m'mbali mwa nyanja. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti mlongo wake Aroni ayendenso.

Aroni anali ndi chilonda pamwendo. Mwala unamucheka padoko. Poyamba kanali kabala kakang'ono. Kenaka kanakula. Kanakulabe. Chilonda chinayamba kununkha. Ntchentche zinabwera. Yuniya ankaziingitsa ndi tsamba. Zinkabweranso.

Inali nthawi ya nkhondo ya Jeremani. Asipayi, asilikali a olamulira dziko, ankafika pa ngalawa. Ankagwira amuna kuti akanyamule katundu. Atate a Yuniya anagwidwanso. Sanabwerere.

Tsiku lina m'mawa, amayi anapita kumunda wa chinangwa. Yuniya anatsala ndi Aroni. Mwadzidzidzi kunamveka mfuu.

"Ngalawa! Asipayi! Thawani!"

Anthu anathawira kuphiri. Agalu anathawa. Mudzi wonse unati zii.

Yuniya anayesa kubereka Aroni. Aroni anali wolemera. Onse awiri anagwa pansi.

"Thawa, Yuniya," anatero Aroni. "Ndisiye."

"Sindikusiya," anatero Yuniya.

Anamukokera m'nyumba. Anatseka chitseko. 

Panja panamveka mapazi. Mapazi anayandikira. Mapazi anaima.

"Odi! Odi kuno!"

Yuniya anadabwa. Asipayi sanena odi. Asipayi amangomenya chitseko. Anasuzumira pakabowo. Anaona bambo wokalamba, wa imvi. Analibe mfuti. Anali ndi chikwama. Kumbuyo kwake kunali anyamata awiri.

"Musaope," anatero bamboyo. "Ndine Hezekiya, dotolo wa ku mishoni. Awa ndi ophunzira anga. Kodi muno muli wodwala?"

 Yuniya anatsegula chitseko.

A dotolo anagwada pamphasa. Anayang'ana mwendo wa Aroni nthawi yaitali. Nkhope yawo inagwa.

"Chafika patali," anatero. "Tikachedwa, mwendowu udzadulidwa."

Anatembenukira kwa ophunzira awo.

"Mukuona chiyani?"

"Mnofu wakuda, aphunzitsi."

"Tiutani?"

"Tiuchotse."

Anawiritsa madzi. Anawiritsa kampeni. Aroni ataona kampeni, analira.

A dotolo anapinda buluku lawo. Pamwendo pawo panali chipsera chachikulu.

"Taona, mwana wanga. Inenso ndinali ndi chilonda ngati chako. Ndinali mwana ngati iwe. Amayi anga anandibereka mpaka ku mishoni. Ndinachira. Ndinatsala komweko, n'kuphunzira ntchito iyi. Tsopano ndimaphunzitsa ena."

"Zinapweteka?" anafunsa Aroni.

"Zinapweteka kwambiri. Sindikunamiza."

Yuniya anagoneka mutu wa Aroni pamiyendo pake. Anamugwira mwamphamvu. A dotolo anayamba ntchito. Aroni anakuwa. Anakuwanso. Misozi ya Yuniya inagwera pamutu pa Aroni. Koma Yuniya sanatsinzine. Ankaonerera manja a dotolo.

Amayi anamva kukuwa ali kumunda. Anafika akuthamanga, khasu lili m'mwamba.

"Siyani mwana wanga!"

"Amayi, ayi!" anafuula Yuniya. "Si asipayi. Ndi a dotolo!"

Amayi anaima pakhomo. Anaona mwendo womangidwa nsalu yoyera. Khasu linagwa pansi. Amayi anakhala pansi, n'kulira.

A dotolo sakanatha kukhalitsa. Ku Lunho kunali odwala ena. Anaitana Yuniya.

"Iwe sunatsinzine. Ndakuona. Tsopano ndiwe wophunzira wanga. Wiritsa madzi. Thiramo mchere. Tsuka chilonda. Manga nsalu yoyera. Tanena, ndimve."

"Ndiwiritse madzi. Ndithiremo mchere. Nditsuke. Ndimange."

"Eya, choncho. Tsiku lililonse. Ngakhale alire."

Ngalawa ija, imene inabwera ndi a dotolo, inapita nawo.

Yuniya anawiritsa madzi. Anatsuka. Anamanga. Aroni analira. M'mawa mwake Yuniya anachitanso chimodzimodzi. Aroni analiranso. Masiku ena thupi la Aroni linkatentha. Ankakana kudya. Amayi ankapemphera motsitsa mawu. Yuniya ankaopa. Koma sanaleke.

Pang'onopang'ono fungo linatha. Mnofu unafiira. Chilonda chinayamba kuchepa.

Mvula yoyamba itagwa, amayi anali pabwalo. Ankasenda chinangwa. Kadzanja kanatulukira kumbuyo kwawo. Kanatola chinangwa chimodzi m'lichero.

Amayi anacheuka. Anali Aroni. Anaima yekha, akupendekeka pang'ono. Yuniya anali pakhomo, atagwira pakamwa.

"Iwe! Wafika bwanji kuno?" anafunsa amayi.

"Ndi miyendo, amayi," anatero Aroni. "Yonse iwiri."

Amayi anaponya mpeni m'lichero. Anakumbatira Aroni. Anakokanso Yuniya. Ankaseka, misozi ili mbwe. Aroni anangopitiriza kutafuna chinangwa chake.