Chidindo cha Lachisanu

Mtembo unapezeka Lachisanu nthawi ya 7:10 m'mawa, mu ofesi yolandira ophunzira osamuka kuchokera ku makoleji ena. Mkulu wa ofesiyo anali chafufumimba pakati pa tebulo ndi kabati ya mafayilo, magazi atauma kunkhongo. Pambali pake panali chobowolera mapepala chachitsulo.

Wofufuza milandu anafika 7:45. Anali mayi wa imvi, ndipo anzake ankamutcha Singano, poti mafunso ake ankalowa mwakachetechete koma ankafika patali. Dokotala anati bamboyo anamwalira dzulo lake, cha m'ma 5 koloko madzulo.

Singano anayamba ndi mlembi wa malemuyo.

"Anakangana ndi ndani sabata ino?"

"Mukanafunsa amene sanakangane nawo, bwenzi titamaliza msanga," anatero mlembi. "Koma Lachitatu kunabwera mtsikana wina. Anaphunzira zaka ziwiri ku koleji ina, kolejiyo n'kutsekedwa. Amafuna zomwe anakhoza kumeneko ziwerengedwe, kuno ayambire chaka chachitatu. Abwana anakana."

"Chifukwa?"

"Zotsatira za mayeso zimabwera mu envulopu yomata, yodinda pamsoko. Yake inali yotsegula, ndipo yotsegula sitilandira. Ina akaitenga kuti, koleji kulibe? Anamuuza kuti ayambirenso chaka choyamba."

Nthawi ya 10:30 mtsikanayo anali m'chipinda chofunsira mafunso ku polisi. Anali wamanyazi, wa mtundu uja wokhala kumbuyo m'kalasi, wodziwa yankho koma osakweza mkono. Lero sanayang'ane pansi.

"Mwanawe, potuluka mu ofesi muja unati chiyani?"

"Ndinati tsiku lina adzagona pansi pa mafayilo awowo. Ndipo sindibweza mawu. Zaka ziwiri si zinyalala."

"Envulopu anatsegula ndani?"

"Ndine."

Anayankha mofulumira kwambiri. Singano anasunga zimenezo mumtima. Koma dzulo lake mtsikanayo anali ku laibulale kuyambira 3 koloko mpaka 6, ndipo woyang'anira mabuku anachitira umboni. Anamumasula.

Nthawi ya 1:15 Singano anabwerera ku ofesi kuja. M'bokosi la mafomu ovomerezedwa anapeza fomu ya mtsikana uja. Inali yodindidwa katatu, yopanda siginecha, envulopu ija ili pansi pake. Chidindocho chinali cha tsiku la Lachisanu.

"Munthu womwalira Lachinayi amadinda bwanji Lachisanu?"

Mlembi anagwira pakamwa. "Abwana anali ndi chizolowezi. Poweruka ankatembenuziratu chidindo kuti chisonyeze tsiku lamawa, n'kuchitsekera mu dirowa. Akatero, ngakhale mugwade sankadindanso. Ndipo ife timadinda kamodzi."

"Kiyi wa dirowa amakhala pati?"

"Pansi pa mphika wa maluwa, pazenera apo. Timadziwa abwana ndi ineyo basi, koma dzulo ndinachoka 4 koloko kukatenga mwana kusukulu. Alonda akudziwa."

"Ndinu nokha amene mumasuntha mphikawo?"

Mlembi anayang'ana kukhonde, komwe kunali tsache ndi ndowa.

Mayi wosesa maofesi anali kuseri kwa nyumbayo, pampopi, akufinya chokolopera. Nkhope yawo inali ya mtsikana uja, kungoti itakalamba.

"Mayi, envulopu ija anatsegula ndani?"

Anayanika chokolopera pawaya, osafulumira.

"Mwana wakuuzani kuti ndi iyeyo, eti? Wabodza ameneyo, watengera bambo ake. Ndine. Inali pansi pa pilo wake. Ine sukulu ndinalekeza kalasi yachitatu, koma manambala ndimawadziwa. Ndinkangofuna kuona ndi maso angawa zomwe wakhoza. Ndinang'amba bwinobwino, ndi mpeni. Ndinadziwa kuti n'kulakwa?"

"Ndiye dzulo?"

"Ndinadikira onse atuluke. Zaka khumi ndi zinayi ndikusesa pansi pa mapazi a abwana aja, sindinawapemphepo kanthu. Dzulo ndinagwada. Ndinati, bambo, wolakwa ndine, mwana musamulange. Anaseka. Akuti, 'Osadziwa kuwerenga, mumafunamo chiyani mu envulopu? Nyani wapatsidwa galasi.' Basi anatembenuka n'kumakiya kabati. Chitsulo chobowolera mapepala chija chinali m'manja mwanga, ndimachipukuta."

"Kenako munadinda fomu."

"Katatu, kuti asadzanene kuti sichikuoneka."

"Mukudziwa kuti mwapha munthu? Ali ndi ana nayenso."

"Ndikudziwa. Ana akewo ndiwapepesa, ngakhale andilavulire. Koma kugwada kokha ayi, ndinagwada dzulo, kwakwana."

Anapukuta manja pa epuloni, natambasula mikono okha asanauzidwe. Unyolo utatsekeka, anayang'ana fomu yomwe inali m'dzanja la Singano.

"Yadindidwatu imeneyo. Alowa chaka chachitatu, si choncho?"

Singano ankadziwa kuti chidindo chopanda siginecha ndi inki chabe.

Mayiwo analiona yankho pankhope pake. Sanalire. Anaimika khosi.

"Chabwino. Mukawauze a khoti. Zaka zanga awerenge mmene angafunire, sindichotsapo ngakhale tsiku. Koma za mwana wanga ziwiri zija aziwerengenso."

Singano analemba nthawi, 2:05. Fomuyo anaiika m'pulasitiki ya umboni, pamodzi ndi envulopu yong'ambika ija. Ku khoti, kwa nthawi yoyamba, wina adzakakamizika kutulutsa chikalatacho n'kuwerenga mokweza zonse zomwe mtsikanayo anakhoza.