Tcheni Chimene Chinakana Kulowa M'mutu

Nyumba ya mkulu wokonza mawotchi inali ya zipinda ziwiri zokha, koma ukalowamo unkachita kupukuta mapazi osauzidwa. Kutsogolo kunali kashopu ka mawotchi, kuseri akazi awo ankasoka mayunifolomu a sukulu, ndipo pakhomopo sipankamveka mawu otukwana. Mwana anali mmodzi yekha, wamwamuna, wamutu waung'ono ngati chibakera koma wanzeru zoopsa. Ali sitandade 3 anatola tayi yakale ya bambo ake n'kupita nayo kutchalitchi, kabudula ali wong'ambika kumbuyo. Dzina loti Tayi linamukakamira kuyambira tsiku limenelo.

Mkuluyu anali ndi ntchito ina imene ankainyadira kuposa mawotchi. Mumzinda mwathu meya amavala tcheni chagolide pa zochitika zikuluzikulu, ndipo tchenicho n'cholumikiza timendulo, kalikonse kolembedwa dzina la meya amene anakhalapo ndi zaka zake. Meya akamatsika pampando, kamendulo kake kamawonjezedwa, kenako iye mwini amavula tchenicho n'kuveka womulowa m'malo anthu akuona. Chilibe potsegulira, chimalowera kumutu. Kwa zaka makumi atatu, wolemba mayinawo ndi kutsuka tchenicho anali mkulu wa mawotchiyu.

Ine ndasesa ku khonsolo kuyambira ndili ndi mano onse, ndiye mameya ndawaona. Panali Meya Mpope, amene anatibweretsera madzi. Panali Meya Maliro, amene sankaphonya maliro ngakhale a munthu wosamudziwa, bola pakhale poyankhulira. Panalinso Meya Tulo, amene anatsegulira chimbudzi cha pamsika kawiri ataiwala kuti anadula kale riboni. Onsewa, abwino ndi ogona omwe, anasiya tcheni chili chathunthu.

Tchenicho chikabwera kudzatsukidwa, Tayi ankakhala pambali pa bambo ake, kuwapatsira kansalu ndi kapulaya. Anaphunzira kutsegula ndi kutseka timphete tolumikizira osasiya chipsera, mayina onse n'kuwaloweza pamtima. Bambo ake ankakonda kumuuza kuti, "Ichi n'chobwereka, mwanawe. Amene wachivala lero akungosungira wamawa."

Mnyamatayo anapita patali ndi sukulu, nakhala khansala ndevu zisanakhwime. Chaka china makhansala akuluakulu anakangana mpaka kugendana ndi mabotolo a madzi, aliyense akufuna umeya, ndipo pofuna kukhaulitsana anangosankha wamng'onoyo. Mayi ake analira ndi chimwemwe. Bambo ake sabata yomweyo anasula kamendulo katsopano, nalemba dzina la mwana wawo ndi chaka choyambira, malo a chaka chotsikira n'kusiya. Anakakulunga m'kampango n'kukaika m'dilowa.

Miyezi yoyambirira Tayi anagwira ntchito, bodza n'loipa. Zinyalala zinachoka pamsika, magetsi a mumsewu anayaka. Ankatipatsa moni ife osesa n'kumatitchula kuti amayi.

Koma galimoto ya meya imabwera ndi dalaivala wake. Ameneyu anali bambo wachimimba, wa mawu ofewa ngati m'busa, woti anayendetsapo mameya asanu ndi mmodzi. Tsiku lina ali pamzere wa magalimoto analozera Tayi nkhalamba ina ikukankhana ndi anthu pokwera minibasi.

"Mwawaona awo, bwana? Ndi Meya Mpope. Anapatsa mzinda wonse madzi, lero kondakitala akuwauza kuti agogo sunthani. Mpandowu ndi wa zaka ziwiri ndi theka basi. Mbuzi imadya pamene aimangirira."

Tayi anaseka, koma mawuwo anamulowa. Dalaivala anayamba kumupatutsira kuhotela masana, akuti kukaziziritsa kukhosi. Botolo limodzi linabala anayi, misonkhano ya madzulo n'kumayamba popanda meya. Kenako anamudziwitsa kwa mayi wina wa saluni, woyera ndi mafuta ogula, zikhadabo ngati za kabawi, amene ankamutchula kuti Olemekezeka ngakhale pomuuza kuti avule nsapato.

Tsiku lotsegulira msewu watsopano, mayiyu anasisita tcheni chija n'kudandaula kuti khosi la Olemekezeka likunyezimira pamene makutu ake ali pululu. Tayi anati katundu wa mzinda sakhudzidwa. Dalaivala, maso ali pamsewu, anangoti timendulo ta kumbuyo kwa khosi timabisika ndi kolala, ndipo ndi ta mameya amene anafa kalekale. Akufa sawerenga, anatero.

Loweruka lotsatira Tayi anapita kukaona makolo ake, atanyamula shuga ndi sopo. Pochoka, kapulaya ka bambo ake kanali m'thumba la jekete.

Kamendulo koyamba kanasanduka ndolo. Kachiwiri kanapita kwa wogula golide kuti pakhale phwando la tsiku lobadwa la mayi wa saluni. Kachitatu sindikudziwa, mwina iyenso sadziwa. Akachotsa kamodzi ankalumikiza totsalato mwaluso, tcheni n'kumaoneka bwinobwino kutsogolo.

Kale tchenicho chinkapita kwa mkulu wa mawotchi miyezi itatu iliyonse. Miyezi isanu ndi inayi inatha osachiona. Mkuluyo anavala jekete yake ya kutchalitchi n'kubwera ku khonsolo wapansi. Anamukhazika pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, ine ndi amene ndinamupatsa madzi akumwa. Atalowa mu ofesi ya meya, chitseko sichinatsekeke bwino, ndipo ine ndinali ndikukolopa pomwepo. Makutu alibe chivindikiro.

Anafunsa za tcheni. Tayi anati chili bwino, akutsuka yekha. Anafunsa za kapulaya kawo. Tayi anati mwina makoswe.

"Mwanawe, ukununkha mowa nthawi ino ya masana. Mayi ako sakupitanso kumsika chifukwa cha zimene anthu akunena. Ndipatse tchenicho ndikachione. Ngati pali chimene chalakwika, tikonza awiriwiri, anthu asanadziwe."

"Bambo, inu mumayendetsa mivi ya wotchi, ine ndikuyendetsa mzinda. Mukafuna kundiona muzidzera kwa sekilitale."

Mkuluyo anatuluka chipewa chili m'manja, osayang'ana kumbali. Mayi ake a Tayi nawo anayesa, kumutumizira uthenga kuti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Yankho linali thumba la mpunga lobwera ndi dalaivala. Analibweza.

Zaka ziwiri ndi theka sizichedwa. Makhansala anali atatopa ndi meya wofika ku msonkhano maso ali psuu, ndipo anasankha mayi wina amene anali hedi wa sukulu, munthu wathupi lake, wosaseka wamba, wokonda wigi yaikulu. Tsiku lopatsana mpando holo inadzaza. Mkulu wa mawotchi anakhala kutsogolo ndi akazi awo, kampango kaja kali m'thumba, pakuti mwana ndi mwana. Mwa chizolowezi iye ndiye ankayamba kugwira tcheni kuti alumikize kamendulo, koma Tayi anauza mlembi wa khonsolo kuti nthawi yatha, ayambe n'kuveka, zolumikizazo zichitike mawa. Ankaganiza kuti chikangofika pakhosi pa wina, mlandu wachoka pa iye.

Chimene anaiwala ndi mutu wake. Pa kamutu kake kaja tcheni chinkalowabe, ngakhale mokanda makutu. Anachivula, nachikweza pamwamba pa mayi hedi, n'kutsitsa. Chinaima pachipumi.

Anthu anaseka, inenso ndinaseka mpaka misozi. Wina kumbuyo anati wigi ndiyo yalakwa. Mayi hedi, nkhope ili gwa, anavula wigiyo pamaso pa mzinda wonse n'kupatsira mlembi. Tayi anayesanso. Chinaima pomwe paja. Tcheni chimene chinalowa m'mutu wa Meya Maliro, mutu wonga dzungu, chinakana.

Kuseka kunatha. Mlembi anaitana mkulu wa mawotchi kuti aone chavuta n'chiyani. Anakwera pang'onopang'ono, navala magalasi, n'kuyamba kuyendetsa chala pa timendulo, akutchula mayina pamtima monga ankachitira ndi mwana wake. Akafika pa dzina limene kamendulo kake palibe, ankalitchulabe, n'kukhala chete pang'ono. Anakhala chete kasanu ndi kanayi. Kumbuyo kwa holo, mayi wa saluni anatuluka chowerama, manja ataphimba makutu.

Mlembi anafunsa kuti ndani angatsegule timphete totere osasiya chipsera. Mkuluyo anavula magalasi aja. Akanatha kunena kuti sakudziwa. Koma munthu amene sananamepo sayambira pa ukalamba.

"Mumzinda muno tilipo awiri," anatero. "Ine, ndi amene ndinamuphunzitsa."

Mayi ake a Tayi anagwa pampando. Apolisi sanavutike n'kufufuza. M'mawa mwake ndinaona dalaivala uja akutsegulira mayi hedi chitseko cha galimoto, akumwetulira, meya wake wachisanu ndi chitatu.

Khoti linamupatsa Tayi zaka zinayi. Khonsolo inagwirizana kuti dzina lake lisakhale pa tcheni. Mkulu wa mawotchi anapempha kuti akonze yekha, ndipo anasula timendulo tonse tisanu ndi tinayi, mayina ndi zaka kuchokera pamtima, osalandira kanthu. Atapereka tchenicho anatseka kashopu, mawotchi n'kumaima imodziimodzi pakhoma popanda wowapukusa. Chaka chachiwiri chisanathe tinamuika m'manda. Kundende anakana kumutulutsa mwana wake kuti adzaponye dothi.

Tayi anatuluka ataonda, tsitsi lili mbuu. Mayi wa saluni anali atakwatiwa ndi wogula golide uja. Tayi anapeza mayi ake maso atafooka, makina osokera ataphimbidwa ndi nsalu. Anagwada pakhomo kupempha chikhululuko. Iwo sanamukalipire. Anangotsegula dilowa n'kumupatsa kampango kaja, nati bambo ake anapita nako kuholo tsiku lija ndipo anabwera nako. Anafunyulula, napeza dzina lake lolembedwa ndi dzanja la bambo ake, chaka choyambira chilipo, malo enawo ali mbee. Analira ngati mwana.

Lero amakonza mawotchi patebulo la bambo ake, ndipo kutchalitchi amakhala benchi yakumbuyo. Mowa anasiya. Koma ana a sukulu akabwera ku khonsolo kudzaona tcheni, amawerenga mameya kuchoka pa amene anamutsogolera n'kulumphira pa mayi hedi, ngati pakatipo mzinda unalibe mwini.

Ananu amene mukuwerenga, imvani. Chimene mwasungitsidwa si chanu, ngakhale chili pakhosi panu. Wokunong'onezani kuti palibe adzaone, tsiku la mlandu adzakhala akutsegulira wina chitseko. Ndipo kholo likakuuzani kuti bwera tikonze awiriwiri anthu asanadziwe, thamangani, chifukwa tsiku lina lidzafunsidwa pagulu, ndipo lidzanena zoona.