Chitseko cha Tchalitchi cha kwa Malindima

Mtembo wa Grayson adaupeza Lachiwiri, 10 koloko m'mawa, m'chipinda cha alendo cha nyumba yatsopano ku Madinat Khalifa. Anali injiniya wochokera ku Malawi, ndipo wina adamuphwanya mutu ndi hamala. Apolisi adachita kuswa zenera kuti alowe, chifukwa chitseko chidawakanika. Chinalibe loko, chinalibe chogwirira, koma osatseguka.

Apolisiwo adaitana Swaleh kuti adzamasulire Chichewa. Munthuyu adakalambira pa ntchito yofufuza milandu ku Zomba, koma ku Doha anali mlonda wa pageti basi. Adapeza atamanga kale Amina, mtsikana wantchito wa m'nyumbamo, nayenso Mmalawi, poti dzulo lake adakangana ndi malemuyo. Kaputeni wa apolisi ankafuna kutseka mlandu dzuwa lisanalowe, ndipo Swaleh adaona kuti akangogona, mwana wa eni aphedwera mlandu wa wina.

"Munkalimbirana chiyani?" adafunsa Amina.

"Pasipoti yanga, bambo, ankakana kundibwezera. Wallahi, sindinawakhudze. Chitsekocho ine sindichitha, ankanditsegulira okha."

Swaleh adachiyang'anitsitsa chitsekocho. Chinali cha mlombwa, chosongoka pamwamba, chopanda msomali ngakhale umodzi, zikhomo zamtengo zokhazokha. Amina adati Grayson ankadzitama kuti adachizula pa tchalitchi chakale cha kwa Malindima, chimene amishoni a ku Mangalande adamanga mu 1893, nachigulitsa kwa mwini nyumbayi. Mwiniyo mliri wa korona udamutsekera kunja kwa dziko. Koma wakuphayo adatulukira pachitsekopo, choncho wina, kupatula malemu, ankadziwa katsegulidwe kake.

Cha m'ma 2 koloko adafunsa amisiri onse ogwira ntchito panyumbapo. Mmalawi analipo mmodzi, kalipentala Overtone.

"Kwanu n'kuti, achimwene?"

"Ku Lilongwe, Che Swaleh. Chitseko chimenecho sindinachigwirepo."

Swaleh adalowa m'chipindamo yekha kudzera pazenera losweka lija, chitseko chili chitsekere. Posakhalitsa adayamba kutsokomola, kenaka adagwa pansi, khu! "Mpweya! Ndikufa ine!" Apolisi adakankha chitseko, osatheka. Overtone adawadusa, adaponda thabwa lam'munsi ndi chidendene, adanyamula chitsekocho pang'ono ndi phewa, ndipo chidatseguka mwakachetechete. Adapeza Swaleh atakhala tsonga, akukonza masiki yake. Mkuluyo adachita manyazi, pakuti adamkola munthu ndi chifundo chake chomwe.

Kupolisi Overtone sadavute.

"Khalasi, zatha basi, lembani. Kwathu n'kwa Malindima. Mwana aliyense kumeneko amadziwa kuchitsegula. Adasema ndi agogo awo a bambo anga, adachipanga chotero kuti afisi ndi akuba asalowe."

"Tchalitchicho chikugwirabe ntchito?"

"Ayi. Anthu adasamukira kumsewu, denga lidagwa, belu adaba. Kudatsala makoma a njerwa zootcha, mazenera osongoka aja, ndi chitseko. Mayi anga ankasesabe pakhomo pake Loweruka lililonse. Atachizula adalira ngati pamaliro. Panopa mukugona mbuzi."

"Mudachipeza bwanji kuno?"

"Grayson adachiposita pa foni. Lamulo latsopano litalola kusintha ntchito popanda chilolezo cha bwana, ndidarizaina kwanga n'kudzalowa kampani yake. Sindinkafuna kupha, ndinkangofuna kumachiona."

"Nanga lero chatsitsa dzaye n'chiyani?"

"Kuseri kwake kuli mtanda ndi maina a anthu amene adaumba njerwa. M'mawa anandipatsa puleni yopalira matabwa, akuti, 'Yalla, fulumira, pala zonsezi, kasitomala sakuzifuna.' Ndinawagwadira, Che Swaleh. Anaseka, akuti ndi thabwa chabe. Hamala inali pafupi."

Swaleh adamasulira liwu ndi liwu, mtima ukumuwawa. Apolisi adamutulutsa Amina madzulo omwewo, koma ntchito inali itamuthera, ndipo ndege zopita kwawo kunalibe.

Asanamutenge, Overtone adapempha kufunsa chinthu chimodzi: kodi mlandu ukatha, chitsekocho chibwerera kwawo? Kaputeni adayankha osadzutsa mutu. Adati mwini nyumba adagula mwalamulo, ndipo mawa kubwera kalipentala wina kudzamaliza kupala.

"Akuti bwanji?" adafunsa Overtone.

Swaleh anali asanapotozepo mawu a munthu pa ntchito yake yonse. Adayang'ana pansi.

"Akuti chipita kwanu."

Overtone adapuma mozama, adathokoza kaputeniyo kawiri, napereka yekha manja kuti amumange unyolo.