Machubu Ofunda a Aphunzitsi

Zinayamba ndi kufunda. Nesi ankapukuta fumbi pabalaza m'mawa wina, ndipo atafika pa ampulifaya ya mwamuna wake, chipangizo chokwezera mawu a nyimbo, anabweza dzanja msangamsanga. Machubu ake, timabotolo tagalasi toimirira pamwamba ngati mababu, anali ofunda ngati mazira amene nkhuku yangochokapo. Koma pulagi inali pansi, yozula, monga eni ake ankaisiyira madzulo aliwonse.

Eni akewo msewu wonse unkangowatchula kuti Aphunzitsi, poti ankaphunzitsa nyimbo kusekondale. Ampulifayayo ankaisamala kuposa khanda. Machubu akumanzere anawadontheza kyutekisi wopaka m'zikhadabo wofiira, akumanja woyera, kuti asasokonezeke. M'mawa umenewo ofiira anali kumanja.

"Abambo, chiwailesi chanu chija chafunda chokha," anatero Nesi akuwathirira tiyi. "Ndipo machubu asinthana malo."

Aphunzitsi anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"N'chifukwa chake," anatero. "Mbali yakumanzere yakhala ikumveka ngati munthu akuimbira m'chidebe. Pali amene akuigwira."

Sanatchule dzina, koma maso awo anapita kuchitseko cha chipinda chakumapeto. M'menemo munkagona mayi ake a Nesi, amene anabwera kudzakhala nawo atadwala sitiroko. Nesi anatenga tchuthi kuchipatala kumene ankagwira ntchito n'kusamukira m'chipinda chomwecho, pamatiresi apansi. Mtima unamupsa, koma anadzigwira, chifukwa zoona n'zoona: mayi akewo ankayendayenda usiku, mawu anali atawathawa, ndipo tsiku lina anapezeka akulongedza nsapato m'firiji.

Loweruka Aphunzitsi anatengera machubuwo kwa mmisiri wa mawailesi, atawakulunga m'masokosi. Mmisiriyo anawayesa limodzilimodzi pamakina ake, akuwagogoda ndi pensulo.

"Awa ndi amoyo onse, Aphunzitsi. Mukafuna atsopano mugule awiriawiri ofanana mphamvu, osati limodzi. Koma musanataye kanthu, chitani zomwe mukuzidziwa kale. Akumanzere apite kumanja. Vuto likasamuka nawo, ndi chubu. Likatsala pomwepo, musakenso kwina."

"Mukundiphunzitsa ine?" anakalipa Aphunzitsi, ndipo anagulabe awiri atsopano.

Usiku womwewo Nesi anadzidzimuka kutulo. Poyamba ankayesa mvula yakutali, kamkokomo kosalekeza ka siii. Kenako pansi pa kamkokomoko panatuluka mawu a mkazi, aang'ono ngati a udzudzu, akuimba mzere umodzi. Anaduka. Kunakhala zii kwa nthawi yaitali, moti ankamva wotchi yakukhitchini. Mawu aja anayambanso pomwe paja, mzere womwewo, n'kudukanso pamalo omwewo, ngati munthu amene akumutsamwitsa asanamalize chonena.

Nesi anadzuka mumdimamo n'kukankha chitseko, ndipo chinalira kwiii. Pakhoma lakukorido panali kuwala kofiirira. Pamene ankafika pabalaza machubu anali akuzima okha, pang'onopang'ono, ngati maso a chinyama chimene chikugona. Pampando panalibe munthu. Makatani ankagwedezeka, ngakhale mawindo anali otseka. Chitseko cha chipinda cha Aphunzitsi chinali chotsekedwa bwinobwino.

Atatembenuka anangoti pang'ono kukuwa. Kumapeto kwa korido kunaima munthu wovala zoyera, manja ali lende. Anali mayi ake, osavala nsapato, akumwetulira khoma.

M'mawa Aphunzitsi sanadikire n'komwe kuti auzidwe.

"Apongozi ndimawalemekeza," anatero akuyang'ana m'kapu. "Koma muja muli magetsi oopsa, mayi. Munthu akhoza kuuma nawo. Zikachitikanso apite kwa achimwene anu."

"Achimwene ndi dalaivala wa thiraki. Nyumba imakhala yokha mwezi wathunthu. Mukufuna akafere pansi ngati galu?"

"Ndanena."

Masana kunabwera alamu ake, mlongo wawo wa Aphunzitsi, amene pakamwa pake sipankagona ntchentche. Anakhala pakhonde, mawu akuwatsitsa mwadala kuti amveke bwino.

"Alamu, ine sindinena zambiri. Koma wogulitsa makala waona maso ofiira pawindo lanu. Ena akuti kumamveka mtsikana akulira. Munthu woti supuni imamugwa m'manja, angazule bwanji magalasi otentha osaswa ngakhale limodzi? Ndiye kuti masana ndi wodwala, usiku ndi wina."

"Mukuti mayi anga ndi mfiti?"

"Aaa, mwanena ndinu. Ine ndangodzapereka moni."

Nesi anayang'ana kwa mwamuna wake, amene anali pomwepo akupukuta chimbale ndi kansalu. Anadikira kuti atsegule pakamwa. Aphunzitsi anangopitiriza kupukuta.

Pofika madzulo nkhani inali itazungulira msewu. Mayi wapagolosale anamupatsa sopo mosamuyang'ana kumaso. Ana amene ankabwera kudzatola mpira kuseri kwa nyumba anausiya pomwepo.

Usiku wotsatira Nesi anachita chinthu chimene chinamuwawa mpaka m'mafupa. Anatenga nsalu, namanga mwendo wa mayi ake kumwendo wa bedi. Mayiwo sanakane. Anangoyang'ana mfundoyo, kenako mwana wawo, ndipo anatembenukira kukhoma. Nesi anatenganso mafuta ophikira n'kudontheza m'mahinjesi a chitseko. Funso la alamu ake, ngakhale linali lachipongwe, linkamuzungulira m'mutu. Zoonadi, manja onjenjemera aja angazule bwanji chubu?

Anagona maso ali gwa. Galu wa kwa aneba anauwa n'kutopa. Firiji inalira, inasiya. Ndiyeno kamkokomo kaja kanayamba, siii, ndipo mkazi uja anayamba mzere wake.

Nesi anapapasa mumdima. Mwendo wa mayi ake unali pomwepo, wofunda, womangidwa.

Chitseko chinatseguka mosalira. Anayenda chala ndi chala, msana ukukhudza khoma, mpaka pakhomo la pabalaza. Machubu ankayaka ngati makala. Pakati pa masipika awiri panali mpando, ndipo pampandopo panakhala munthu. Koma anakhala chofulatira, nkhope kukhoma, msana kunyimbo, mutu utapendekeka, osagwedezeka ngakhale pang'ono. Kenako munthuyo anadzuka, nabweza singano ya galamafoni pachimbale, natembenuza mpando kuyang'ana masipika, n'kukhalanso. Kuwala kunagwera padazi lake.

Anali Aphunzitsi.

Anamvetsera mzere uja. Anatembenuzanso mpando, namvetseranso chofulatira. Kenako anagwira kumaso ndi manja onse awiri.

Nesi anali atagwira ntchito m'mawodi zaka zambiri, ndipo sanafunikire womuuza. Machubu anasinthidwa, vuto silinasamuke. Atsopano anagulidwa, silinachoke. Tsopano munthu akudzitembenuza yekha, ndipo mbali yakufayo ikutembenuka naye.

Anayandikira kumanzere kwawo, pafupi kwambiri moti mpweya wake ukanawakhudza.

"Abambo," ananong'ona.

Palibe chinachitika.

"Abambo, nyumba ikupsa."

Aphunzitsi anangokhala, akupuma mozama. Nesi anazungulira kumbuyo kwa mpando n'kuweramira kukhutu lakumanja.

"Mwalipeza chubu lakufalo?"

Aphunzitsi analumpha mpaka bondo linagunda tebulo, singano n'kukwekwereza pachimbale.

"Mayi! Ine ndimangoti ndione ngati apongozi..."

"Apongozi anu ndawamanga ngati mbuzi. Mukawaone." Nesi sanakweze mawu. "Usiku uja munabisala kuseri kwa katani, eti? Munandiona ndikunjenjemera, munawaona mayi anga ataima m'korido, ndiye munati zikomo, wapezeka wosenza mlandu."

Aphunzitsi anakhalanso pansi ngati thumba.

"Poyamba ndinkakhulupiriradi kuti ndi chubu," anatero motsitsa. "Ndinkasintha usiku kuti musandifunse mafunso. Mutanena zakufunda zija, pakamwa panangothamanga. Kenako ndinasowa pobwerera. Mayi, mphunzitsi wa nyimbo wogontha amusunga ndani? Ana akwaya ayamba kale kusekerera ndikawauza kuti akumanzere sakuimba. Alongo anga akangomva, mawa ahedi amva."

Nesi anawayang'ana. Anaona mantha enieni, a munthu amene moyo wake wonse unali m'makutu, ndipo mbali ina ya mtima wake inafewa. Koma anakumbukira mayi wapagolosale, ndi mpira wosiyidwa kuseri kwa nyumba.

"Mukanandiuza, bwenzi titapita kwa dokotala wa makutu kalekale. Mwina ndi chinthu chochizika, mwina ayi, tikamva komweko. Ine ndimasambitsa anthu osawadziwa, ndikanalephera kusunga khutu la mwamuna wanga? Koma inu munasankha munthu amene sangathe kudziyankhira. Mlongo wanu akuwatcha mfiti pakhonde panga, inu mukupukuta chimbale!"

"Ndalakwa."

"Kukacha muwaimbira alamu ine ndili pomwepo. Za khutu munene kapena musanene, ndi lanu. Koma munena kuti amene amayatsa ndinu, ndipo amayi sakupita kulikonse. Akabweze nkhaniyo khomo lililonse limene anaisiya." Anazula pulagi yekha. "Tsopano dzukani."

Anawatsogolera kuchipinda chakumapeto nayatsa getsi. Mayi aja anali maso, akuphethira, nsalu ili pamwendo.

"Mfundoyi ndamanga ine," anatero Nesi, "koma mumasula ndinu."

Aphunzitsi anabwerera m'mbuyo. "Ine kugwira mwendo wa apongozi?"

"Mbiri yawo munaigwira ndi manja awiri osachita manyazi."

Aphunzitsi anagwada. Mfundoyo inali yolimba, ndipo zala zimene zinkazula machubu mumdima osaswa zinkaterereka. Mayi okalambawo ankayang'ana dazi la mkamwini wawo modabwa. Nsalu itagwa pansi, milomo yawo inavutikira kwa kanthawi, mpaka mawu anatuluka, opindika koma omveka.

"Zikomo, bambo."

Aphunzitsi anali atawalozetsa khutu lakumanzere, ndipo anapitiriza kupinda nsaluyo, maso ali pansi. Nesi anamva bwinobwino. Sanawabwerezere.