Dothi la Elube

Njinga inayamba kulemera atangochoka kumanda. Elliam anatsika kawiri, kufinya matayala ndi chala, kuyang'ana tcheni, koma zonse zinali bwino. Inali njinga yatsopano, yakuda, imene anabwera nayo kuchokera ku Halale, ndipo popita inkathamanga ngati sinanyamule munthu. Katundu anali yemwe uja: mkazi wake Modester pakaliyala, mphasa yopinda, chiguduli cha madzi ndi kathumba ka mbatata zootcha. Chatsopano chinali chimodzi chokha, dothi lodzaza manja awiri, lokulunga m'nsalu yoyera, limene Modester anabereka kumsana monga amaberekera mwana.

Elliam anachoka kwawo ku Rivirivi mu 1946, mkazi wake ali ndi pakati, kukagwira ntchito yophika kwa mzungu. Mwana anabadwa, anamutcha Elube, anakwawa, anayenda, anayamba kuyankhula, bambo ake akungomudziwira m'makalata. Kenako kunagwa njala ya 1949. Modester anabereka mwanayo kumsana n'kutsatira akazi anzake mpaka kunyanja ya Chilwa, kumene kunkamveka kuti kuli matemba ndi nyika, mizu ya m'madzi ija imene anthu amadya zinthu zikavuta. Anabwerako yekha.

Elliam atabwerera kumudzi patapita zaka ziwiri sanakalipe ndipo sanafunse zambiri. Chimene chinkamudya mumtima n'chakuti anali bambo wa mwana amene sanamuonepo, sanamumvepo ngakhale kulira, ndipo mwanayo anali atagona kuchilendo. Ankafuna kuti abwere kwawo, basi. Mwambo wake ankaudziwa onse awiri, ngakhale anali Akatolika osajomba kutchalitchi. Umapita kumanda n'kutapa dothi, mayi amalibereka, ndipo pamtsinje uliwonse amaitana mwanayo potchula dzina lake kuti awoloke nawo, osacheuka mpaka kufika kwanu. Mphunzitsi wa mpingo akanamva zimenezi sakanawasekerera, choncho kumudzi anangonena kuti akukagula nsomba.

Mandawo anali m'kankhalango kuseri kwa mudzi wa asodzi, malo amene anaikako alendo onse a nthawi ya njala. Munali timitumbira ta ana tosawerengeka, topanda mtanda, topanda mwala, tina titaphwatalala ndi mvula. Modester anazungulira nthawi yaitali, kenako analoza kamodzi pafupi ndi mtengo wa mkuyu. Elliam anagwada, natapa dothi ndi manja ake, misozi ikugwera momwemo.

Pakamtsinje koyamba Modester anaima m'mphepete mwa madzi nati, "Mwanawe, tiye. Tikuwoloka, tikupita kwathu." Elliam anamva kuti dzina silinatchulidwe, koma anaganiza kuti n'chifukwa cha chisoni. Sanamufunse, monga amachitira amuna ambiri poyesa kuti kukhala chete ndi chifundo.

Tsiku lonselo anayenda m'mphepete mwa nyanja, kudutsa madambo a mlulu ndi mathandala oyanikapo matemba, mphepo ikununkha matope ndi utsi. Dzuwa litapendeka Elliam anali atanyowa thukuta ngati wakwera phiri, chonsecho njira inali yosalala. Anagona m'chisakasa cha asodzi chimene eni ake anasiya. Kunalibe mwezi. Achule ankalira mbali zonse, udzudzu ukuimba m'makutu, ndipo patali madzi ankamenya bwato lomangidwa. Kenako achule onse analeka nthawi imodzi. M'bata limenelo munamveka timapazi m'matope, tobwera pang'onopang'ono, kuima, kubweranso, mpaka pakhomo la chisakasa. Kunamveka kathumba ka mbatata kakukhwekhwerezedwa, kenako kutafuna kwa kamwa laling'ono, kofulumira, kwa munthu amene wakhalitsa osadya.

"Mayi, mwamva?" Elliam ananong'oneza.

"Ndamva. Gonani."

"Ndi iyeyo?"

"Gonani, bambo. Musadzuke."

Munthu wina aliyense akanathawa n'kusiya njinga pomwepo. Elliam sanachite mantha, anasangalala. Anagona chagada mumdimamo akumwetulira, akumvetsera mwana wake akudya, ndipo anangodandaula kuti sanatenge mbatata zambiri. M'mawa m'kathumba munali makoko okhaokha.

Tsiku lachiwiri anasiya nyanja kumbuyo n'kuyamba kukwera kudzera m'midzi ya m'mapiri a Chikala. Apa njinga sinkapalasikanso, ankangoikankha, Elliam atagwira chiwongolero, mitsempha ya m'khosi ili njo. Pakakhwawa kalikonse Modester ankanena mawu omwe aja, "Mwanawe, tiye," ndipo akawoloka njinga inkakhala ngati yawonjezera kulemera. Madzulo anapempha malo kwa Che Mohamedi, mlimi Wachisilamu wa ndevu zoyera, amene anawapatsa kanyumba ka mwana wake amene anali ku ulendo, ndi chinangwa chophika.

Usiku wa kumapiri ndi wozizira ndipo mawu amamveka kutali. Agalu a m'mudzimo anayamba kuuwa, koma mosakhalitsa anasanduka olira pansipansi, akubisala kunsi kwa nkhokwe. Belu la njinga, imene inali pakhonde, linalira kamodzi, mofooka, ngati chala chimene chalikhudza chilibe mphamvu. Linaliranso. Kenako kunamveka kukankhana, kaphokoso ka ana olimbirana chinthu koma akuopa kudzutsa akuluakulu. Elliam anayesa kuwerenga mapazi ozungulira kanyumbako. Anafika pa asanu n'kusokonezeka. Wina ankatsokomola. Wina ankakoka mamina. Wina anali wamng'ono kwambiri moti sankayenda, ankakwawa, mawondo ake akukhula pansi.

"Mayi, si mmodzi ayi," anatero Elliam. "Kodi anali ndi anzake?"

Modester anali atakhala tsonga pamphasa, nsalu ya dothi ataikumbatira pachifuwa, mutu atapendeketsa, akumvetsera liwu lililonse palokhapalokha ngati mayi amene akufuna mwana wake pagulu lotuluka kusukulu.

Kutacha, mkazi wa Che Mohamedi anapeza mphika wa chinangwa chotsala utapalidwa mpaka pansi, m'kati muli mizere ya tizala. Kuchitsime nkhani inali itawanda kale. Ena ankati alendowo ndi afiti, ena ankati amaba ana n'kuwafinyira m'nsalu kuti akawagulitse ku Halale, ndipo mayi wina analumbira kuti anaona nsaluyo ikupuma. Che Mohamedi anabwera yekha, nakhala pakhonde, nasisita ndevu.

"Achimwene, mlendo sitimufunsa zimene wanyamula, ndipo ine sindikuthamangitsani iyayi," anatero. "Koma adzukulu anga usiku wonse amafuna kutuluka, akuti anzawo akuwaitana kukasewera. Nyamukani kukadali kozizira. Mulungu akutsogolereni."

Anatsika mapiri, nawoloka Likwenu, nafika pa Liwonde dzuwa litalowa, pantoni yowolotsa anthu pa Shire itamangidwa kale. Padokopo panagona anthu angapo odikira m'mawa. Pafupi nawo anayala mphasa mayi wina wamtali wogulitsa mchere wa ku Chilwa, dzina lake Nafisa, wolankhula mosapsatira. Anayang'ana nsalu ya kumsana kwa Modester kamodzi kokha n'kudziwa chimene inali.

Mvuu zinalira kutsidya, moto wa apaulendo unazima umodziumodzi, ndipo mtsinje unatsala ukuyenda mumdima ndi kaphokoso kake kosalekeza. Kenako anafika. Usiku umenewu sanabisale. Mchenga wonse wozungulira mphasa unkachita waya-waya, ndipo kupuma kwawo kunkamveka ponseponse, kwina kolira m'chifuwa, kwina kofulumira. Sankasewera. Anaima m'mphepete mwa madzi, akudikira, chifukwa mtsinje waukulu chonchi sakanawoloka popanda wowaitana.

Nafisa anadzuka, nasendera pafupi. "Achemwali, dothili mwatapa kuti?"

"Kumanda a alendo, ku Chilwa," anayankha Elliam, poona kuti mkazi wake sakutsegula pakamwa.

"Nanga poitana mumati bwanji?"

"Amati mwanawe, tiye."

Nafisa anaomba m'manja pang'ono. "Ndiye mumati abwere ndani? M'manda amenewo aliyense ndi mwanawe. Zaka ziwiri akhala akudikira munthu woti awauze tiye, inu n'kufika n'kuitana chiitanire." Kenako mawu ake anasintha. "Anga awiri ali momwemo. Kwathu sititapa dothi, timangowasiya m'manja mwa Mulungu. Koma poti afika pano."

Anatembenukira kumdima, nanena motsitsa, "Saida. Hassani." Kupuma konse kuja kunaima. Kenako timapazi ta ana awiri tinapatuka pagulupo, wina wothamanga, wina wotsalira m'mbuyo, mpaka pamphasa ya Nafisa. Mayiyo anatambasula nsalu yake ngati akufunditsa anthu, nagona chammbali, mapewa ake akugwedezeka.

Elliam anagwira dzanja la mkazi wake. "Mwaona? Zimatheka. Itanani, mayi. Mutchuleni dzina. Ndimumve kamodzi kokha akubwera kwa ine."

"Sindingathe."

"Chifukwa chiyani?"

"Manda aja sindikuwadziwa, bambo." Modester ankalankhula mosalira, mawu ali ouma. "Tsiku limene anamwalira ine ndinali gone, sindinkadziwa kuti kwacha kapena kwada. Anamuchotsa kumsana kwanga anthu osawadziwa. Nditadzuka anangondilozera nkhalango. Inu munabwera ndi mtima wonse, munagula nsalu yoyera, ndikanakuuzani bwanji kuti mwana wanu ndinamutaya osaona pamene anamuika? Ndinangoloza. Ndipo dzina lake sindikanalitchula padothi la mwana wa eni."

"Koma ali pagululi. Onse abwera."

"Kaya. Mausiku atatu ndakhala ndikumvetsera. Nthawi zina ndimati ndi uyo, kenako ndimati iyayi. Mwina anamuika kwina. Ndikamuitana dzina, amene si athu abwerera, ndipo ngati iye palibe, tiwoloka awiriwiri, ndipo tidzadziwa mpaka imfa kuti palibe. Panopa sindikudziwa, ndiye ndikutha kupuma."

Elliam anafuna kukwiya koma mkwiyo sunabwere. Dzinalo linali pakamwa pake, akanatha kulitchula yekha, ndipo kawiri konse anatsegula milomo. Pafupi ndi bondo lake panali kena kake kakupuma, kakang'ono, kodikira. Sankadziwa ngati ndi mwana wake. Anazindikira kuti ngakhale akanamuona masana sakanamudziwa, ndipo chimenechi chinamupweteka kuposa zonse.

Kunja kutayamba kuyera, amuna okoka chingwe cha pantoni anafika akuyasamula. Okwera anali ochepa: Nafisa ndi mtanga wake wa mchere, agogo ena ndi nkhuku ziwiri, Elliam, Modester ndi njinga. Modester anaima pamphepete pa madzi, nsalu ili kumsana, natsegula pakamwa kuti aitane. Mawu sanatuluke. Elliam anaimika njinga, naima pambali pake, osacheuka.

"Ananu, tiyeni," anatero. "Nonse. Tikuwoloka, tikupita kwathu."

Pantoni inatsika m'madzi ngati yakwezedwa galimoto. Okoka chingwe anayang'anana, nayang'ana okwera anayi okha aja, wamkulu wawo n'kufunsa ngati mcherewo unali wa miyala. Palibe anaseka. Anakoka akubuula mpaka kutsidya, ndipo ulendo wotsala wa ku Rivirivi, umene munthu amayenda tsiku limodzi, unawatengera masiku awiri.

Dothilo analikwirira kumanda a kwawo mwakachetechete. Anthu a m'mudzimo amati kuyambira chaka chimenecho banja lija, lopanda mwana ndi mmodzi yemwe, linkalima munda waukulu kuposa wa aliyense, ndipo nkhokwe yawo inkatha msanga kuposa ya aliyense. Ana a eni ankaletsedwa kudutsa pakhomopo dzuwa likalowa. Amene analimba mtima n'kudutsa ankaona awiriwo atakhala pakhonde mumdima, mitu atapendeketsa, bwalo lili mbee lopanda munthu. Pakapita nthawi mwamunayo ankafunsa monong'ona, "Nanga uyo, wasekayo?"

Ndipo mkaziyo ankamvetsera kaye nthawi yaitali asanayankhe.

"Dikirani, bambo. Asekenso."