Masacheti Pansi pa Mtanda

Nyumba ya a Rafaeli ku Ndirande inali yaing'ono koma yaulemu. Mwana sankagona asanapemphere kolona. Laurenti, mwana wawo woyamba, anakula akutumikira Misa.

Atalandira sakramenti la ulimbitso, bambo ake anamuuza kuti, "Wakula tsopano. Sindikudzutsanso kuti upite kutchalitchi. Khristu anakumasula, umutumikire ndi mtima wako."

Ana amakono amamva theka la mawu. Laurenti anangomva "anakumasula" basi.

Pasiteji panali Maxon, woitanira minibasi, amene ankagulitsanso mowa wa m'masacheti.

"Lawaniko, bambo mfumu," anatero Maxon akuseka. "Zanutu n'zophweka. Loweruka mukalapa, Lamulungu mwayera ngati shati yatsopano."

Laurenti analawa, ndipo sanalekenso. Mayi ake, a Anjelina, anamva fungo.

"Mwanawe, kulapa si bafa loti uzisambamo n'kubwerera m'matope."

"Mayi, ine ndine mfulu. Sitilinso pansi pa lamulo."

Lenti itafika, akomiti anasankha Laurenti kuti adzasenze mtanda m'misewu pa Lachisanu Loyera. Kaya anamukondera Chingerezi chake, poti okalamba safunsidwanso masiku ano. A Rafaeli anauza abale onse, mpaka a ku Nsanje.

Tsikulo Laurenti ataona khamu, anafuna kubwerera. Maxon anamupatsira masacheti "ochotsa manyazi". Laurenti anamwa ena, otsalawo n'kubisa mumkanjo woyera umene anavala.

Atafika pamsika, anagwa. Anthu anagwada poyesa kuti ndi kugwa koyamba kwa Ambuye, azimayi n'kuyamba nyimbo yachisoni. Koma iye sanadzuke. Anasanza, masacheti n'kumwazika mumsewu.

"Akatolika, Yesu wanu waledzera!" anakuwa venda wina. Msika wonse unafa ndi phwete.

Nyimbo inazima. A Rafaeli anatuluka m'khamumo, nabereka mwana wawo kumsana ngati thumba la makala. Anadutsa pakati pa Akhristu anzawo atazyolika, osayang'ana munthu. Mtanda anasenza wina.

Laurenti sanapondenso kutchalitchi, manyazi anamukulira. Lero amaitanira minibasi m'malo mwa Maxon, malipiro ake ndi mowa. M'mawa manja amanjenjemera mpaka atamwa. Akaona bambo ake akubwera, amabisala kuseri kwa galimoto.

Achinyamata inu, ngakhale mumati ife ndife otsalira, imvani. Khristu sanakumasuleni kuti muzichimwa mosaopa. Anakumasulani kuti mutumikire Mulungu. Mukakana kumutumikira, simukhala mfulu ayi. Mumangopeza bwana wina, ndipo ameneyo alibe chisoni.