Mawu a Aaron m'kabokosi ka TV

Mphezi indiwombe pano ndakhalapa ngati ndinamapo ngakhale liwu limodzi! Kafunseni ku Tukombo, ngakhale agalu akuuzani.

Lyness anali namfedwa. Mwamuna wake Aaron anapita ndi mwera panyanja, chimene chinabwerera kumtunda ndi nkhafi yokha. M'nyumba munatsala TV, batire lokalamba la sola, ndi kabokosi kakuda koonetsera mafilimu, kamene nako kanafa kalekale. Ukakayatsa kankangophethira kamodzi, basi.

Mlongo wake wa Lyness, Jimmy, wokonza mafoni pa Mpamba, atabwera kudzacheza anakatsegula. "Ubongo wake unapsa, asisi," anatero. "Koma ndiika ubongo wina pa memore khadi, kazidzukira pamenepo." Khadi analizula mufoni yakale imene anaipeza m'dengu la zingwe m'nyumba mwa Lyness momwemo, osafunsa kuti inali ya ndani. Anagwiragwira, batire n'kutha asanayese bwino, iye ulendo.

Kunja kutangoyamba kuyera, sola italawa kuwala koma m'nyumba mukadali bii, TV inayaka yokha. Pagalasi lakuda panayamba kutsika timalemba toyera, mizeremizere, ngati linthumbu likusamuka. Kenako zii. Kenako chifuwa: khoo, khoo. Lyness anachidziwa chifuwacho, anagona nacho chipinda chimodzi zaka zambiri. Kunamveka mafunde, ukonde ukukhwekhwerezedwa pamchenga, munthu akung'ung'udza nyimbo ya kwaya m'Chitonga, ndiye kuseka: "Amake Mwawi, nsombazi zandikana lero!" Mawu n'kubwerera poyamba.

Mayi uja anazula waya wa batire, thukuta lili kamukamu. Koma nyali ya m'nyumba imadyera pa waya womwewo, ndiye madzulo atabwezera, timalemba tija tinatsikanso, chifuwa chija n'kulowanso m'nyumba. Oyandikana nawo anaunjikana pawindo, akunong'onezana. Ena ankati munthu wosaikidwa m'manda amafuna pokhala. Ena ankati mawaya a sola amakoka zinthu za panyanja.

Tsiku lotsatira, mdima utangogwa, kunabwera Ada Patson, mkulu wa mpingo, munthu wosaopa ngakhale ng'ona. Anapeza Aaron ali pakati pa nyimbo. Anazungulira kabokosi, naona kakhadi kakusuzumira m'mbali.

"Chisa chake ndi ichi," ananong'ona. Anakazula ndi zikhadabo, n'kukaponya pambaula. Kanapindika, kananunkha, kanatha.

Abale anga, nyimbo sinadukize ngakhale mpweya. "Amake Mwawi, nsombazi zandikana lero!" Ada Patson anavula chipewa. Azimayi a pawindo anagwira pakamwa. Mbuzi ya Lyness inalowa m'nyumba n'kugwada kutsogolo kwa TV.

Jimmy atamuimbira anafika pa njinga yamoto, akupuma ngati wathamanga yekha. Anamvetsera, nayang'ana phulusa pambaula, n'kukhala pansi.

"Foni ija inali ya alamu," anatero. "Ankadzijambula mawu pophunzira nyimbo. Kabokosika kakamadzuka kamakoka zonse za pakhadi n'kuzisunga m'mutu, monga munthu woloweza vesi. Ndiye khadi mwawotcha, Ada. Zatsala m'mutumo basi. Magetsi akangoduka, kaiwala zonse."

"Zonse?" anafunsa Lyness.

"Zonse, asisi. Alamu apita kachiwiri."

Apo mpamene mantha anasanduka china. Lyness analibe manda oti akalirepo, analibe chithunzi chooneka bwino. Anali ndi chifuwa chimenechi basi, ndipo kanyali ka batire kanali katayamba kale kufiira.

Jimmy anayesa kujambula mawuwo ndi foni yake. Poimvetsera, munali mafunde okhaokha. Anayesa foni ya Ada Patson: mafunde. Anangopukusa mutu, sananene za ubongo ayi.

Ada Patson anatuluka osatsanzika. Pobwera anali atasenza batire la nyali zake zokopera usipa. Jimmy analilumikiza pambali pa linzake kuti moto usaphethire. Mawa lake wina anabweretsa lake, mkuja winanso. Mabatire anandanda m'khoma ngati anthu pamaliro, ndipo mabwato amene mabatire ake anali m'nyumba ya Lyness anagona pamchenga, mwezi uli mumdima, nyengo yeniyeni ya usipa. Palibe anadandaula. Anthu ankangobwera, kukhala pakhonde, kumvetsera mnzawo akukoka ukonde.

Lyness ndiye ankaona. Ankaona matandala oyanikira usipa ali mbee, ana a eni mabatire akudya chigwada chopanda kanthu. Madzulo ena anasesa m'nyumba, navala chitenje cha kumpingo, naitana onse. Anadikira nyimbo ithe, mwamuna wake aseke.

"Zakukanani, bambo ake Mwawi, tamva," anatero. "Anzanu apite akayese iwo. Yendani bwino."

Anazula waya ndi dzanja lake. TV inati thi. Kanyali ka kabokosi kanazima. M'nyumba monse zii, moti unkamva mphemvu ikuyenda pa denga.

Ndiye mumdima muja, waya uli m'manja mwa Lyness, anthu onse tinamva chifuwa: khoo. Ndi liwu limodzi la Chitonga lothokoza, limene m'nyimbo muja munalibe: "Yewo."

Usiku umenewo nyali zinabwerera panyanja. Kabokosi kaja mpaka lero kali pawindo, kovindikiridwa ndi kansalu koluka, ndipo Jimmy amakana kukagwira.

Zonsezi n'zoona. Kupatula za mbuzi zija. Lyness saweta mbuzi.